Matumba a Masamba Pansi pa Mtengo

Kuseri kwa nyumba imene ndimakhala kuli mtengo waukulu umene umayoyola masamba ake onse kamodzi pa chaka, ndipo papita zaka zinayi tsopano chisiyireni kusesa pansi pake. Sindinasiye chifukwa cha nzeru ina iliyonse ayi, ndinangotopa ndi ntchito imene inkabwereranso m'mawa uliwonse ngati kuti dzulo lake sindinagwire tsache. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mulu umene ndinkayembekezera kuti udzafika m'mawondo sunaoneke. Masamba amagwa n'kuphimba nthaka yonse, koma a chaka chotsatira akamagwa amapeza anzawo ambiri kulibe, patangotsala tizidutswa takuda tonyowa. Palibe amawawotcha, palibe amawawola ndi manja kukawataya kudzala, ndipo mphepo sifika pamalopo chifukwa khoma linatchinga.

Yankho lapafupi n'lakuti masambawo amawola, ndipo tonse tinaphunzira kuti ntchito yowoletsa zinthu ndi ya mabakiteriya, chuku ndi bowa. Zimenezi n'zoona ndithu, koma kukula kwa ntchitoyo kumachititsa munthu kufunsanso bwino. M'nkhalango zotentha za mvula yambiri, pa hekitala imodzi pamagwa masamba ndi tinthambi tolemera pafupifupi matani 10 pa chaka, kuwerengera atauma, pamene m'nkhalango za mayiko ozizira pamagwa matani atatu kapena anayi. Gawo lalikulu la zimene mitengo imabereka silidyedwa ndi nyama likadali laliwisi, limagwa pansi litafa. Komabe m'nkhalango zambiri zotentha, mmene mumagwa masamba ochuluka koposa, nthaka imakhala ndi kansanjiko kopyapyala chabe ka masamba, moti mukapalasa ndi phazi mumafika pa dothi nthawi yomweyo. Kutentha ndi chinyontho zimafulumizitsa mabakiteriya, inde, koma ndinkakayikira ngati tinthu tosaoneka ndi maso tingathe tokha kumaliza tsamba lolimba, la khungu losalala ngati lopakidwa phula, m'miyezi yowerengeka.

Ndiye ndinachita kayeso kanga kosalira zambiri. Ndinatola masamba ongogwa kumene, ndinawagawa mofanana poyerekeza ndi maso, ndipo ena ndinawasokera m'timatumba ta neti ya timabowo tating'ono kwambiri, pamene ena ndinawaika m'matumba a mabowo oti chala chimalowa. Onsewo ndinawagoneka pansi pa mtengo womwewo, moyandikana, n'kuwakhomerera ndi timitengo kuti asasunthe. Patatha miyezi isanu ya mvula ndinawatsegula. M'timatumba ta neti masamba anali atada, atafewa, atamatirirana ndi ulusi woyera wa chuku, koma tsamba lililonse linali lathunthu moti ndikanatha kuwawerenga limodzilimodzi. M'matumba a mabowo akuluakulu munatsala mitsempha ya masamba yokhayokha, yooneka ngati ukonde, pamodzi ndi timibulu takuda tochuluka tofanana kukula kwake, timene poyamba ndinkayesa dothi.

Sindinali woyamba kuganiza zimenezi, ndipo njira ya matumba yakhala ikugwiritsidwa ntchito ndi akatswiri kuyambira m'zaka za m'ma 1950. M'chaka cha 1963, akatswiri awiri a ku England, Edwards ndi Heath, anafalitsa zimene anapeza atadula masamba a mitengo ya oak ndi beech kukhala tizidutswa tozungulira, n'kutikwirira m'matumba a nayiloni a mabowo osiyanasiyana kukula, kuyambira mamilimita 7 kufika pa mabowo aang'ono zedi oti mabakiteriya ndi chuku zokha n'zimene zikanadutsa. M'matumba a mabowo akulu, mmene nyongolotsi zinkalowa, gawo lalikulu la masamba linatha m'miyezi 9, pamene m'matumba a mabowo aang'onowo tizidutswa tinakhalabe tathunthu. Kunena chilungamo, njira imeneyi ili ndi chilema chimene ndinachiona ndekha pogwada pansi pa mtengo wanga. Kachidutswa kamene katuluka m'thumba sikuti kawola, kangosamuka chabe, ndipo thumba la timabowo tating'ono limasunga chinyontho mosiyana ndi linzake. Koma chilema chimenechi n'chimene chinandiphunzitsa mfundo yeniyeni ya nkhaniyi, yakuti tinyama tambiri ta m'nthaka sitiwoletsa masamba. Timawatafuna, timawasuntha, timawatsegula, ndipo kuwoletsa kwenikweni kumachitidwabe ndi mabakiteriya, chuku ndi bowa.

Tsamba likagwa, mvula yoyamba imatsuka shuga ndi michere ina yosungunuka m'madzi, ndipo zimenezi sizifuna thandizo la chamoyo chilichonse. Zotsala ndiye zovuta. Makoma a maselo a tsamba, timagawo ting'onoting'ono timene timapanga tsambalo, anapangidwa ndi ulusi wotchedwa selulozi, ndipo selulozi ameneyu amakutidwa ndi chinthu china cholimba kwambiri chotchedwa lignin, chomwechonso chimene chimalimbitsa thabwa. Ndi mitundu ina ya bowa imene imadziwa bwino kuphwanya lignin, ndipo nyama zambiri zilibe m'matupi mwawo mankhwala okwanira ogayira zinthu zimenezi. Choncho bongololo akamadya tsamba lofota, amapindula ndi gawo laling'ono chabe la zimene wameza, ndipo zochuluka zimatuluka ngati ndowe, zimene ndi timibulu takuda ndinatipeza m'matumba mwanga tija. Munthu akhoza kuona ngati nyamayi imangovutika pachabe, kutafuna usiku wonse n'kutaya pafupifupi zonse. Koma ndowe zimenezo si tsambanso. Khungu losalala limene linkatchinga madzi lang'ambika, maselo aphwanyika, zonse zanyowa ndipo zasakanikirana ndi mabakiteriya a m'matumbo.

Masamu ake ndi osavuta. Kabokosi kotalika sentimita imodzi mbali zonse kali ndi nkhope zisanu ndi imodzi, zokwana masentimita 6 a sikweya. Mukakadula kukhala timabokosi 1,000 ta milimita imodzi, kulemera sikusintha, koma malo amene mabakiteriya angaterepo amakwana masentimita 60 a sikweya, kuwirikiza kakhumi. Pa tsamba phindu limaposa pamenepa, chifukwa malo atsopanowo ndi a m'kati, ofewa, amene poyamba anali otsekeredwa pakati pa makungu awiri. Ntchito yotereyi amagwiranso ndi nkhono, mphutsi za ntchentche zina, mbozi za zikumbu, ndiponso tinyama totuwa ta zikamba timene timabisala pansi pa miyala ndi zipika, tina mwa ito timadzipinda ngati kampira tikakhudzidwa. Tinyama ta zikambati ndi abale a nkhanu, osati a zikumbu, ndipo n'chifukwa chake sitipirira malo ouma.

Pali chinthu china chimene ndinachiona ndisanachiwerenge, ndipo chinandisangalatsa nditapeza kuti akatswiri amachidziwa. Abongololo sathamangira tsamba longogwa kumene. Amalilambalala n'kupita pa lakale, lakuda, limene chuku chayamba kale kulidya. Tsamba latsopano nthawi zambiri limakhala ndi mankhwala owawa amene mtengo unkadzitetezera nawo ku mbozi, ndipo limayenera kutsukidwa ndi mvula komanso kufewetsedwa ndi chuku lisanakhale chakudya. Kuwonjezera apo, chakudya chenicheni chimene nyamayi ikufuna nthawi zambiri ndi chuku ndi mabakiteriya amene ali patsambapo, popeza ndi amene ali ndi nayitirojeni wochuluka, chinthu chimene zamoyo zonse zimafuna kuti zikule, moti tsambalo limangokhala ngati mbale imene imamezedwa pamodzi ndi zimene zili m'mwemo. Tinyama ta zikamba tija timafika pobwerera kudzadya ndowe zawo zomwe, zitakhala masiku angapo, chifukwa pa nthawiyo mabakiteriya amakhala atagaya zimene mimba inalephera ulendo woyamba. Choncho funso lakuti ndani amayamba ntchito, nyama kapena chuku, lilibe yankho limodzi, pakuti tsamba limodzi limadutsa m'manja mwa onse awiri kangapo konse lisanathe.

Nyongolotsi zili ndi mbiri yakeyake, ndipo munthu amene anazitchukitsa ndi Charles Darwin. Anthu ambiri amamudziwa chifukwa cha nkhani ya kusintha kwa zamoyo, koma analankhula za nyongolotsi pamaso pa akatswiri a miyala ku London kale mu 1837, ndipo buku lake lomaliza, limene linatuluka mu 1881, chaka chimodzi asanamwalire, linali lonena za nyongolotsi basi. Chimene chimandikoka mtima ndi kuleza kwake. Mu 1842 anamwaza zidutswa za choko pa munda wa udzu pafupi ndi nyumba yake ku Kent, ku England, ndipo anadikira mpaka 1871, zaka 29, kuti akumbe ngalande n'kuona pamene chokoyo anafika. Anamupeza ali mzere woyera pafupifupi masentimita 18 pansi pa udzu, atakwiriridwa ndi dothi limene nyongolotsi zinkatulutsa pamwamba pang'onopang'ono. Iye anawerengera kuti m'madera ambiri a ku England dothi lopitirira matani 10 pa ekala iliyonse limadutsa m'matupi a nyongolotsi chaka chilichonse. Ankadzukanso usiku kukaziona zikukokera masamba m'mauna mwawo, ndipo atazindikira kuti kawirikawiri zimagwira tsamba kunsonga, kumene kumalowa mosavuta, anadula mapepala a nsonga zitatu n'kuwamwaza kuti aone ngati zichitanso chimodzimodzi. Zambiri zinachitadi.

Si nyongolotsi zonse zimene zimatero. Zina zimakhala m'masamba momwemo pamwamba ndipo sizikumba, zina zimakhala m'kati mwa dothi n'kumadya dothilo, ndipo gulu lachitatu ndi limene limakumba una wakuya woongoka, n'kumatuluka usiku kudzakoka masamba. Gulu lachitatuli ndi limene limasintha maonekedwe a nthaka ya m'nkhalango. Katswiri wa zankhalango wa ku Denmark, P. E. Müller, anaona chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870 kuti pansi pa mitengo ya mtundu umodzi pamatha kukhala nthaka za mitundu iwiri. Pamene pali nyongolotsi zambiri masamba amatha msanga ndipo zotsalira zake zimasakanikirana ndi dothi kukhala nthaka yakuda yofumbutuka, imene anaitcha mull. Pamene nthaka ili ya asidi wambiri ndipo nyongolotsi n'zochepa, masamba amasanjikizana chaka ndi chaka kukhala chimphasa chokhuthala chimene chimangokhala pamwamba pa dothi osasakanikirana nalo, ndipo chimenechi anachitcha mor. Mayina awiriwa akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero.

Pano ndiyenera kudzitsutsa pang'ono, chifukwa n'kosavuta kuyamba kutamanda nyongolotsi ngati kuti kulikonse kumene zafika zimabweretsa zabwino zokhazokha. Nkhalango za kumpoto kwa America, kufupi ndi nyanja zikuluzikulu za m'malire a United States ndi Canada, zinamera pamalo pamene madzi oundana anakuta kwa nthawi yaitali n'kupha nyongolotsi zonse, ndipo kwa zaka pafupifupi 10,000 zinakula popanda nyongolotsi. Zomera za kumeneko zinazolowera chimphasa chokhuthala cha masamba, mmene njere zimamera ndiponso mizu yaing'ono imabisala. Nyongolotsi za ku Ulaya zitafika ndi anthu, m'dothi la mbande komanso ngati nyambo za asodzi, zinayamba kudya chimphasacho, ndipo m'madera ngati Minnesota ku United States akatswiri aona nthaka ikutsala yambee m'zaka zochepa, maluwa a m'nkhalango ndi timitengo tating'ono zikuchepa. Ntchito yomweyo imene Darwin anaiyamikira ku Kent ndi imene ikusautsa nkhalango zimenezi, ndipo kusiyana kwake kuli pa zimene nkhalango iliyonse inazolowera.

Tinyama tochuluka koposa ndi timene sindinatione pamene ndinkatsegula matumba anga, ngakhale kuti tina mwa ito tiyenera kuti tinalowa ndi m'timatumba ta neti momwe. Akatswiri amagawa nyama za m'nthaka potengera kunenepa kwa thupi: zosafika gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, zoyambira pamenepo kufika mamilimita awiri, ndi zopitirira mamilimita awiri. M'gulu lapakati muli nthata za m'nthaka, zambiri za zikamba zolimba zonyezimira, ndi tizilombo todumpha totchedwa Collembola, timene tili ndi kachiwalo kopindikira kunsi kwa mimba kamene kamafwamphuka n'kutiponya m'mwamba tikaopsezedwa. M'nkhalango ya chinyontho, malo a mita imodzi mbali zonse amatha kukhala ndi tinyama totere masauzande makumimakumi. Njira yotionera inayambitsidwa ndi Antonio Berlese wa ku Italy mu 1905, ndipo Albert Tullgren wa ku Sweden anaikonzanso mu 1918 poikapo nyale. Mumaika masamba onyowa pa sefa pamwamba pa fanulo, n'kuyatsa babu pamwamba pake, ndipo masamba akamauma kuchokera kumwamba tinyamato timathawira pansi mpaka kugwera m'botolo. Ndinayesa ndi botolo lapulasitiki lodula pakati, ndipo patatha masiku atatu madzi a m'munsi anali ndi timadontho tambirimbiri timene tinaoneka miyendo nditayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu.

Tambiri mwa tinyama timeneti timadya ulusi wa chuku osati tsamba lenilenilo, ndipo poyamba ndinkaganiza kuti ndiye kuti timachedwetsa ntchito, popeza tikudya wantchito. Zimatero nthawi zina tikachulukitsa. Koma kudya kwapakatikati kumachotsa ulusi wokalamba n'kuchititsa chuku kuphukanso, komanso tinyamato timanyamula njere za chuku pa matupi awo kupita nazo pa masamba amene sanafikiridwe. Tating'ono kwambiri, monga tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totchedwa nematode ndi tamoyo ta selo limodzi timene timasambira m'kamadzi kokuta dothi, timadya mabakiteriya. Kufunika kwake kuli apa: mabakiteriya akamadya tsamba amatsekera nayitirojeni m'matupi mwawo, moti mizu singamupeze, koma akadyedwa, wowadyayo amatulutsa nayitirojeni wotsala mu mtundu umene mizu imayamwa. Mtengo umalandiranso zimene unataya kudzera m'mimba zingapo zotsatizana.

Chiswe ndicho chimaphwanya lamulo limene ndanena lija, lakuti nyama zimangotafuna. Mitundu ina ya chiswe ili ndi tamoyo m'matumbo timene timagaya selulozi, ndipo mitundu ina ya mu Africa ndi Asia inachita kupitirira pamenepo, imalima bowa m'kati mwa chulu. Antchito amatuta masamba ouma ndi timitengo, amazitafuna, n'kuumba ndowe zawo kukhala zisa zonga za njuchi m'zipinda za pansi, ndipo pa zisazo pamamera bowa wa mtundu wa Termitomyces amene amaphwanya lignin. Kenako chiswe chimadya zisa zimene zapsa. M'kati mwa chulu chinyontho ndi kutentha sizisinthasintha kwambiri, choncho kuwola kumapitirira ngakhale m'miyezi imene kunja kwauma gwa ndipo mabakiteriya a pamwamba agona. Tingati chiswe chimasamutsa tsamba kulichotsa kumene nyengo ikuletsa kuwola, kupita nalo kumene nyengo chinaipanga chokha. Pa chilala cha 2015 ndi 2016, akatswiri amene ankagwira ntchito m'nkhalango ya ku Sabah pa chilumba cha Borneo ku Asia anachepetsa chiswe m'malo ena n'kusiya ena mmene analili, ndipo anapeza kuti pamene chiswe chinasiyidwa chinachuluka pa nthawi ya chilalayo, masamba anatha msanga, nthaka inasunga chinyontho chochuluka, ndipo mbande za zomera zina zinapulumuka bwino. Munthu amene chiswe chinamudyera denga sangakondwe nazo zimenezi, koma chiswe chimene chimawononga nyumba ndi mitundu yochepa chabe mwa mitundu pafupifupi 3,000 imene ikudziwika.

Pa chilumba cha Christmas m'nyanja ya Indian ntchito yochotsa masamba panthaka ili m'manja mwa nkhanu zofiira za kumtunda, zimene zimadya masamba ogwa mpaka nthaka ya m'nkhalango kuoneka ngati yosesedwa. Nyerere zachikasu zobwera ndi anthu zitachuluka m'zaka za m'ma 1990 n'kupha nkhanu mamiliyoni ambiri, masamba anayamba kuunjikana m'madera amene nkhanu zinatha.

Kodi ndiye nyama zimawonjezera zochuluka bwanji? Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2008 anaika matumba a udzu wofanana m'malo 30 pa makontinenti 6, ndipo anapeza kuti nyama zimafulumizitsa kuwola m'madera ofunda ndi a chinyontho, pamene kumalo ozizira kwambiri kapena ouma kwambiri mphamvu yake sioneka bwino, chifukwa nyengo ndiyo imalamulira zonse. Mu 2013 akatswiri ena anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri wa matumba ndipo anapeza kuti, pa avereji, nyama zimawonjezeradi kuwola. Avereji imeneyi ndimailemekeza koma sindiikonda kwenikweni, chifukwa imasakaniza malo amene nyama sizichita kanthu ndi malo amene chiswe chimasesa masamba ochuluka m'milungu yochepa. Mtundu wa tsamba nawonso umalowererapo. Tsamba lofewa la nayitirojeni ndi kashiamu wambiri limatha msanga kulikonse, pamene singano za mitengo ya paini zimakanidwa ndi nyongolotsi zambiri ndipo zimatha kukhala zaka zingapo zisanathe.

Chimene nambala ya kuthamanga siinena ndi kumene zinthu zimathera. Gawo lalikulu la kaboni wa m'tsamba, chinthu chachikulu chimene chimapanga matupi a zomera, limabwerera m'mlengalenga ngati mpweya umene mabakiteriya ndi chuku zimapuma, koma gawo lina limatsala m'nthaka zaka zambiri, ndipo nyama zimathandiza kusankha kuti litsale pati. Tsamba lowolera pamwamba limasiya zotsalira zake pamwamba pomwepo, pamene moto kapena madzi othamanga zingazichotse tsiku limodzi. Tsamba limene ladutsa m'mimba mwa nyongolotsi limatuluka litakandidwa pamodzi ndi dongo kukhala timibulu tolimba, ndipo kaboni wotsekeredwa m'kati mwa timibulu timeneti mabakiteriya amavutika kumufikira. Choncho nyama yomweyo imene imafulumizitsa kutha kwa tsamba pachiyambi imatha kuchedwetsa kutha kwa zotsalira zake pambuyo pake.

Timatumba tanga ta neti ndinatisiya pansi pa mtengo miyezi ina itatu nditatitsekanso, ndipo masamba ake anapyapyala koma sanathe. Kamodzi kokha ndi kamene ndinakapeza kopanda kanthu, kataboola pansi ndipo m'kati mwake mutamatidwa dothi lofiira, chizindikiro chakuti chiswe chinadula netiyo n'kulowa. Totsalato ndinating'amba madzulo ena kutagwa mvula, n'kukhuthulira masambawo panthaka, pambali pa chipika chakale. M'mawa mwake nditakweza tsamba limodzi ndinapeza abongololo awiri aang'ono atadzipinda kunsi kwake, ndipo m'mphepete mwa tsambalo munali mutadyeka kale malo atatu.